Pempho la thandizo pa kulumikiza VT220 ku Raspberry Pi

Akuluakulu, ndikupempha nzeru zanu. Malume anga a ku Katoto, kuno ku Mzuzu, andipatsa terminal (galasi ndi kiyibodi zolumikiza ku kompyuta) ya DEC VT220, mtundu umene unatuluka mu 1983, ndipo nditaipukuta fumbi n'kuiyatsa, zilembo zobiriwira zinaoneka bwinobwino pagalasi. Ndikufuna kuilumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi kuti ana amene ndimawaphunzitsa aziphunzirirapo Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mphamvu ya magetsi, chifukwa mapini a Pi amalola mavoti 3.3 okha pamene RS-232, njira imene terminalyi imalumikizirana ndi kompyuta, imatha kufika pa 12, ndipo sindikufuna kuotcha kachipangizo kamene ndinakapeza movutikira. Kodi ndiike kachipangizo kosinthira mphamvu ya magetsi kotchedwa MAX3232 pakati, kapena chingwe cha USB ndi null modem (chingwe chosinthanitsa mawaya otumiza ndi olandira) n'zokwanira pa liwiro la 9600 baud? Nanga pulagi ya mapini 25 ingapezeke kuno, kapena mpaka ku Lilongwe?