Inshuwalansi ya mwana wanga wa zaka 17 ikuposa mtengo wa galimoto, ndilowere kuti?

NaPhiri wa ku Leicester

Abale anga okhala kuno ku UK, ndigawireni nzeru, mutu waima. Mwana wanga wachisamba anakwanitsa zaka 17 mu Febuluwale. Provisional, laisensi ya ophunzira, tinamuitanitsira ku DVLA, ofesi ya boma yopereka malaisensi, pa £34, mayeso a malamulo a pamsewu (theory) anakhoza ulendo umodzi, ndipo panopa amapita kwa mphunzitsi wa galimoto Loweruka lililonse, ola limodzi £38. Koma ola limodzi pa sabata likuchepa. Pofika Loweruka linalo phazi limakhala litaiwala polumira kilatchi, theka la ola n'kuthera pobwereza za sabata yatha. Mphunzitsiyo anachita kundiimitsa pakhomo n'kundiuza kuti mnyamatayu dzanja ali nalo, koma azigwirako chiwongolero mkati mwa sabata, apo ayi titaya ndalama zambiri.

Galimoto pakhomo pano ndi imodzi, Toyota Yaris ya 2012, ya magiya. Ine ndimasamalira okalamba m'makomo mwawo, ndimanyamuka nayo 6 koloko m'mawa, makomo 7 kapena 8 pa tsiku. Galimoto imeneyi ndiye khasu langa. Ndayenda nayo zaka 5 osapemphako kalikonse ku inshuwalansi, moti no claims yanga, kuchotseredwa mtengo kumene umapeza ukakhala osapempha kanthu, ndimaigwira ngati dzira.

Lolemba ndinaimbira kampani yanga ya inshuwalansi kufunsa za kumuwonjezera mwanayu. Ndimalipira £690 pachaka. Anandiuza kuti ndiwonjezere £840 pa miyezi 7 yotsalayi, ndipo akadzakhoza mayeso ndidzawaimbirenso, mtengo udzasintha, mwinanso adzakana kumusunga. Usiku womwewo ine ndi mwanayu tinakhala patebulo ndi laputopu, n'kulemba ngati wakhoza kale ndipo ali ndi kagalimoto kakekake, ka Corsa ka £1,800 komwe tinakaona pa intaneti. Mtengo wotsikitsitsa unatuluka £2,950, komanso ndi black box, kabokosi koona mmene ukuyendetsera. Ena anadutsa £5,000. Mwanayu anangotseka laputopu ija mwakachetechete n'kukwera kuchipinda, nsima osaikhudza. Zinandipweteka, chifukwa galimoto sakuifunira matama. Mu Seputembala akuyamba kuphunzira ntchito ya zamagetsi kunja kwa tauni, amalowa 7 koloko, ndipo basi yoyamba imafikako anthu atayamba kale ntchito.

Bambo ake akuti ndikudzivutitsa chabe. Iwo anayendetsa malole zaka 18 kwathu, Blantyre mpaka Beira. Akuti masana azimutenga okha kukazungulira naye poimika magalimoto pa shopu yaikulu pafupi pano, inshuwalansi n'njosafunika poti si pamsewu. Laisensi ya kuno anaipeza chaka chatha. Ndiye kutchalitchi bambo wina wandilangiza kuti mwanayu akadzakhoza, kagalimoto kakeko ndidzakalembetse m'dzina langa ngati ndine woyendetsa wa tsiku ndi tsiku, iyeyo ndidzangomuika wachiwiri, mtengo udzatsika ndi theka. Akuti aliyense amatero. Mtima wanga sukukhazikika nazo. Amene munadutsamo, munatani?

Achimwene a ku Luton

Mayi NaPhiri, ndiyambe ndi za bambo a kunyumbawo, chifukwa ndi zimene zingakugwetseni m'dzenje mawa lomwe lino. Wokhala pambali pa wophunzira ayenera kukhala woposa zaka 21, komanso woti wakhala ndi laisensi yonse zaka 3. Zaka zitatuzo amawerenga za laisensi ya UK, ya maiko a EU, Switzerland, Norway, Iceland kapena Liechtenstein. Ya ku Malawi mulibe. Ndikudziwa kuti n'zowawa kwa munthu amene wawoloka mlatho wa ku Tete ndi lole yodzaza kosawerengeka, koma pamaso pa wapolisi wa kuno iwowo ndi dalaivala wa chaka chimodzi. Anzathu a ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa malaisensi awo, pamene ife timayendera yathu miyezi 12 kenako n'kukalemba mayeso ngati oyamba kumene. Ndiye pakhomo panupo woyenera kukhala pambali pa mwanayo ndi inuyo.

Za pa shopu zija, lamulo la Road Traffic Act la 1988 silitchula msewu wokha, limatchulanso malo ena aliwonse amene anthu wamba amafikako. Poimika magalimoto pa shopu ndi pomwepo. Akapezeka alibe inshuwalansi ndi chindapusa cha £300 ndi mapointi 6 a chilango pa laisensi, apolisi akhozanso kulanda galimotoyo nthawi yomweyo, khasu lanu lija. Inu eni ake mumalowanso mumlandu ngati munaloleza. Ndipo mapointi a pa provisional safufutika akakhoza, amasamukira pa laisensi yatsopanoyo.

Kwathu tinazolowera kuti ukamata kapepala ka inshuwalansi pagalasi, nkhani yatha. Kuno amayang'ana dzina la munthu amene wagwira chiwongolero.

Koma £840 ija musalipire. Pali inshuwalansi yapadera ya ophunzira, imene mwana amatenga m'dzina lake pa galimoto yanuyo, ya masiku, milungu kapena miyezi. Akagunda chinthu, nkhani imapita ku inshuwalansi yakeyo, no claims yanu siikhudzidwa. Ine ndinamutengera mwana wanga wamkazi ya miyezi 3, sinafike £200. Imatsika mtengo chifukwa wophunzira sayenda yekha. Chimphepo chenicheni chimabwera tsiku limene wakhoza.

NaNgondo wa ku Manchester

Achemwali, za bambo wa kutchalitchiyo zikaneni, ndikukupemphani. Kuno amazitcha fronting, ndipo amazitenga ngati kuba mwachinyengo. Sindikunena zongomva, ndinazichita ine ndi manja angawa.

Ndimasunga mwana wa malemu achemwali anga. Atakhoza, tinamugulira ka Polo, ine n'kulembetsa kuti ndine woyendetsa wamkulu. Miyezi 5 zinayenda. Tsiku lina m'mawa kukugwa mvula, anagunda kumbuyo galimoto ya mayi wina pa maloboti pafupi ndi koleji yake. Palibe anavulala kwambiri, tithokoze Mulungu, koma mayiyo anadandaula khosi. A kampani atandiimbira ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya mphindi zisanu. Anandisunga pafoni pafupifupi ola. Galimotoyi imagona kuti? Anaigula ndani, ndalama zinachoka mu akaunti ya ndani? Inu kuntchito mumapita pa chiyani? Nanga galimoto inayi imene ilinso m'dzina lanu amayendetsa ndani? Pakamwa panauma. Mwanayo anamufunsa payekha, ndipo iye ananena zoona, kuti amapita nayo kukoleji tsiku lililonse.

Patatha milungu ingapo kunabwera kalata yoti inshuwalansi ija aifafaniza. A kampani anamulipira mayi uja chifukwa lamulo limawakakamiza, kenako ndalamazo anadzazifuna kwa ife. Mpaka lero ndikubwezabe pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ka Polo tinakonzetsa tokha. Chowawa kwambiri n'chakuti fomu iliyonse ya inshuwalansi imafunsa ngati kampani ina inakufafanizirani inshuwalansi, ndipo ndiyenera kuyankha kuti inde. Makampani ambiri amangotseka chitseko akaona zimenezo. Inuyo ntchito yanu ndi yoyenda khomo ndi khomo, mumafunika inshuwalansi ya business use, yololeza kuyendera galimoto pogwira ntchito. Ikakuvutani kuipeza, ntchito yathera pomwepo. Bambo wa kutchalitchiyo pa foni ija sadzakhalapo.

Mbewe wa ku Glasgow

Mayi, ine ndimagwira ntchito pa galaja yowongola magalimoto ochita ngozi, ndiye ndiyankhe zoti inshuwalansi ikuposa mtengo wa galimoto. A kampani sakuopa ka Corsa ka £1,800. Akuopa chimene ka Corsako kangagunde. Lamulo limati inshuwalansi ilipire katundu wa anthu ena mpaka £1.2 miliyoni, koma pa kuvulala kwa munthu palibe malire. Mnyamata akalephera kona usiku ali ndi anzake atatu m'galimoto, mmodzi n'kuthyoka msana ali ndi zaka 18, ndiye kuti afunika womusamalira moyo wake wonse. Inu ntchito imeneyo mukuidziwa mtengo wake kuposa ine. Ziwerengero za boma zimasonyeza kuti madalaivala aamuna a zaka 17 mpaka 24 amafa kapena kuvulala kwambiri pamsewu kanayi kuposa a zaka 25 kupita m'tsogolo. Ngakhale ana aakazi sapulumuka, chifukwa kuyambira Disembala 2012 makampani saloledwa kusiyanitsa mtengo potengera kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Ngakhale kangozi kakang'ono masiku ano sikatsika. Bampala wa galimoto yatsopano ali ndi masensa ndi rada m'kati, tikamusintha tiyenera kuitchunanso ndi kompyuta. Nyali imodzi ya LED ya magalimoto ena imadutsa £1,000. Pamwamba pa zonsezo boma limaikapo msonkho wa 12 peresenti.

Musagule galimoto musanafunse mtengo wa inshuwalansi yake. Magalimoto anawagawa m'magulu a inshuwalansi kuyambira 1 mpaka 50, yang'anani tating'ono ta injini ya 1.0, monga Hyundai i10, Kia Picanto kapena VW Up. Musathamangire third party, yolipira za anthu ena okha, poganiza kuti n'njotchipa, nthawi zambiri comprehensive, yolipiranso galimoto yanu, ndi imene imatsika. Ndipo chimene anakuuzani kutchalitchi chitembenuzeni: mwanayo alembedwe kuti ndiye woyendetsa wamkulu, inuyo wachiwiri, ngati mudzaiyendetsakodi nthawi zina. Zimenezo n'zololedwa ndipo kawirikawiri zimatsitsako mtengo.

Koma maganizo anga enieni ndi akuti akakhoza adikire chaka. Laisensi ikule ili m'thumba. Pa zaka 18, ali ndi laisensi ya chaka chathunthu, mtengo sukhala womwewo. Kuntchitoko sangasowe mnzake womutengako, iye n'kumathirako petulo.

NaPhiri wa ku Leicester

Zikomo nonse. Achemwali a ku Manchester, pepani kwambiri, ndawerenga kawiri nkhani yanu ndili m'galimoto pakhomo pa gogo wina, ndipo nkhani ya kutchalitchi ija ndaitaya. A Mbewe, zodikirazo ndazimva, koma malo amene amutenga anamufunsa pa intavyu ngati adzakhale ndi mayendedwe akeake, chifukwa amasinthasintha kogwirira. Iye anayankha kuti inde. Sindikufuna ayambe ntchito ndi mawu osakwaniritsa.

Bambo ake ndawawerengera zimene alemba achimwene a ku Luton. Sanayankhe. Anatenga jekete n'kupita kuntchito nthawi isanakwane. Munthu amene anaphunzitsa anyamata ambirimbiri lole, lero akuuzidwa kuti sangakhale pambali pa mwana wake. Ndikumvetsa.

Mtsikana wa ku Nottingham

Anti, ine ndili ndi zaka 19, ndinakhoza ndili ndi 17, ndiye ndinene za mbali ya mwanayo. Chaka choyamba ndinalipira £2,400 ndi black box pa ka Picanto. Chaka chachiwiri, nditapeza no claims yanga yoyamba, inatsika kufika £1,350. Chaka choyambacho ndicho phiri.

Black box musaiope. Imaona liwiro, mmene ukupondera mabuleki, mmene ukukhotera, ndi nthawi imene ukuyenda. Yanga inkandichotsera mamakisi ndikayenda usiku kwambiri, ndiye afunse bwino ngati ntchito yakeyo izidzamutulutsa m'bandakucha. Kunena zoona inandithandiza kukana anzanga. Akati tithamange, ndinkangoloza kabokosiko.

Zolipira mwezi ndi mwezi zija ndi ngongole, ili ndi chiwongoladzanja, ndipo munthu wosakwana zaka 18 sangasaine ngongole. Amayi anga analowa chipereganyu ndi anzawo a kuntchito, anthu 10, aliyense £250 pamwezi, n'kupempha kuti iwo alandire mwezi umene ndinkayembekezera mayeso. Tinalipira kamodzi. Mtengo muzifunsa kutatsala milungu itatu kuti iyambe, osati tsiku lomwelo, kwa ine zinasiyana ndi mapaundi mahandiredi angapo.

Tsiku la mayeso, akangouzidwa kuti wakhoza, inshuwalansi ya ophunzira ija yafa nthawi yomweyo. Pobwerera kunyumba muyendetse ndinu. Mumuuzenso kuti zaka 2 zoyamba akafikitsa mapointi 6 laisensi amalanda, n'kuyambiranso theory ndi mayeso a pamsewu. Kungogwira foni uli pa chiwongolero ndi mapointi 6 ndi £200. Mnzanga wina zinamuchitikira ataima pa maloboti.

NaPhiri wa ku Leicester

Ndabweranso. Lachisanu tinatenga ya ophunzira ija m'dzina lake, mwezi umodzi kaye, £74. Ndinaimbiranso kampani yanga kutsimikiza kuti sizisokoneza yangayo. Lamlungu titachoka kutchalitchi anamata yekha ma L ake, zikwangwani za ophunzira, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuwapukuta ndi mkono wa malaya.

Ndili pafupi kutseka chitseko, bambo ake anatuluka atavala nsapato. Anafunsa ngati lamulo limaletsa munthu kukhala kumbuyo. Ndinati ayi, sililetsa. Anakhala kumbuyo kwa mwanayo, manja pamaondo. Tinalowera kumafakitale kumene Lamlungu kumakhala zii. Pa raundabauti yoyamba galimoto inazima, kachiwiri inazimanso, kumbuyo kuli vani ikudikira. Ndinaona khosi la mwanayu likuchita thukuta. Ine mawu anandithera. Bambo ake anangoti chapansipansi, "Usayang'ane vaniyo. Mvera injini, ikuuza yokha." Kachitatu inanyamuka bwinobwino. Tinazungulira mphindi 50, ndipo pobwerera anaimika yekha pakhomo, tayala limodzi litakwera pang'ono pa khonde la msewu.

Mayeso tapeza a mu Ogasiti, ndiwo anali apafupi. Kuntchito ndayankhula ndi anzanga anayi za chipereganyu, atatu avomera, tikufuna ena asanu ndi mmodzi. Ka Corsa kaja takasiya. A Mbewe, pali i10 ya 2013 imene taona ku Loughborough, yayenda mamailosi 78,000, MOT, chiphaso choti ndi yoyenera pamsewu, mpaka Novembala. Tikamakaiona Loweruka, tikayang'anitsitse chiyani kunsi kwake?