Mwana wa wodwala akufuna kutumiza maraviroc, ndimuyankhe bwanji?

CO (clinical officer), Chinamwali: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mayi wa nyamakazi ya RA (rheumatoid arthritis), zala zotupa manja onse, m'mawa zouma gwa. Amwa methotrexate miyezi iwiri, kusintha n'kochepa. Mwana wawo ali ku Johannesburg, wawerenga zoti kutseka ma chemokine kumathetsa kutupa, ndiye akuti agule maraviroc atumize pa basi.

Wa famase: Asataye ndalama, achimwene. Maraviroc amatseka ndithu CCR5, imodzi mwa ma receptor (zipata za pa maselo zolandirira ma chemokine), koma anavomerezedwa mu 2007 ngati mankhwala a HIV. Anamuyesa pa RA pamodzi ndi methotrexate yemweyo, sanathandize. Komanso amatha kuvulaza chiwindi ngati methotrexate, ndiye kuphatikiza awiriwa n'kuika mayiwo pachiswe.

Dokotala, Zomba Central: Mwanayo musamunyoze, ganizo lake lili ndi mutu. Ma chemokine ndi amene amaitanira maselo oyera pamalo otupa. Vuto n'lakuti alipo pafupifupi 50, ma receptor ake pafupifupi 20, ndipo mmodzi amatha kulowa m'ma receptor angapo. Zili ngati madzi a mvula otsika m'phiri la Zomba: mukatseka ngalande imodzi amadzera ina. Mankhwala otseka ma receptor a CCR1 ndi CCR2 anagwa pa RA, vercirnon wa CCR9 anagwa pa matenda otupa matumbo a Crohn's mu 2013. Amene anapambana ndi a ntchito zina, monga plerixafor wotulutsa ma stem cell (maselo opanga magazi) m'mafupa. Koma ndifunse: methotrexate akumwa wochuluka bwanji?

CO: 7.5 mg pa sabata, ndi folic acid. Ndinaopa kukweza chifukwa ma neutrophil (mtundu wa maselo oyera a m'magazi) anali otsikirapo, 1.4.

Wa labu: Asanayambe anali bwanji? Ambiri a ife kuno tilibe Duffy pa maselo ofiira, nayenso ndi receptor wa ma chemokine, ndipo ma neutrophil athu amakhala otsikirapo popanda matenda.

CO: Ndaona mu health passport. Analinso 1.4.

Dokotala: Ndiye si mankhwala awatsitsa. Mlingowo ndi woyambira chabe, ndipo amafuna mpaka masabata 12 kuti aoneke mphamvu. Onani ALT (chiwindi), creatinine (impso), HIV ndi hepatitis B, mufunse za chifuwa ndi za kulera. Zikakhala bwino kwezani pang'onopang'ono mpaka 15 mg, FBC (kuwerenga maselo a m'magazi) pafupipafupi. Akatentha thupi kapena kutuluka zilonda m'kamwa, asiye abwere msanga.

Wa famase: Mwanayo atumize ya transipoti yobwerera kudzayezetsa magazi. Ndipo muwabwerezere mayiwo: kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse.

CO: Zikomo nonse, ndimuimbira madzulo ano.