Thandizeni abale: kodi ndingawatengere mayi ku Vadodara ndi bondo la opaleshoni?

Moni nonse pagulu pano. Ndili ku Ahmedabad, m'chigawo cha Gujarat ku India, komwe ndinaperekeza mayi anga ku opaleshoni ya bondo. Zonse zinayenda bwino, tikuthokoza Mulungu. Patha masabata atatu, ndipo panopa akuyenda ndi ndodo pang'onopang'ono m'khonde la nyumba yomwe tikuchita lendi. Adokotala atilola kuyenda ulendo waufupi, bola asaimirire nthawi yaitali. Tatsala ndi masiku asanu ndi limodzi kuti tibwerere kumudzi.

Nkhani ndi iyi. Mayi anaphunzitsa ku pulayimale zaka zoposa 30. Ali m'chipatala, namwino wina anawafotokozera za mfumu ya kwawo ku Vadodara, mzinda womwe kale unkatchedwa Baroda. Mfumuyo, Sayajirao Gaekwad III, mu 1906 inalamula kuti mwana aliyense m'dziko lake azipita kusukulu ya pulayimale, ndipo mwaulere. Mayi atamva anakhala chete, kenako anati, "Ife zaulere tinaziona mu 1994, iwo 1906? Ndikufuna ndikaone pomwe ankakhala munthu ameneyo." Chiyambire tsikulo sanasiye kuitchula nyumba yachifumu ya Laxmi Vilas, yomwe inamalizidwa mu 1890. Dzulo ndinawapeza akuiyang'ana pafoni yanga, magalasi ali pamphuno, akuyendetsa chala pa nsanja yake.

Ine mtima uli m'mwamba. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 110, ndiye tikwere sitima kapena tichite hayala galimoto? M'nyumbamo muli masitepe ambiri? Pali pokhala munthu akatopa? Ndamvanso za mzinda wakale wa Champaner ndi phiri la Pavagadh, kodi n'zotheka tsiku lomwelo? China, mayi ali ndi shuga, ndipo kuno ngakhale mphodza amathiramo zotsekemera. Tikadye chiyani kumeneko? Amene munafikako chonde ndiuzeni zoona, musandisangalatse.

Mayankho

Achemwali, ine ndikuphunzira ku Vadodara konkuno. Sitima ndi yotchipa komanso yachangu, koma pasiteshoni pamakhala chikhamu cha anthu ndi milatho yokwera, bondo latsopano silingapirire. Tengani galimoto, msewu wake ndi wabwino, maola awiri mwafika. Musabwere Lolemba, nyumba yachifumuyo amatseka. Pakhomo amapereka kachipangizo ka m'makutu kofotokoza chipinda chilichonse m'Chingerezi, amayi akasangalala nako. Banja lachifumu likukhalabe momwemo, choncho alendo amangoona mbali ina. Osaphonya Darbar Hall, holo yomwe mfumu inkalandiriramo anthu. Pansi pake anayalapo timiyala tamitundumitundu, ndipo mawindo ndi a magalasi amakaka ochokera ku Belgium.

Pavagadh ayi ndithu. Pali kangolo kapachingwe kokweza anthu, koma mukatsika pamatsala masitepe kuti mufike pakachisi wa Kalika, mulungu wamkazi wa Ahindu. Champaner ili m'munsi mwa phiri, mzikiti wake waukulu wa Jami Masjid ndi wokongola kwambiri ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse mu 2004, komabe ndi makilomita ena pafupifupi 50. Kwa munthu wa ndodo, nyumba yachifumu yokha yakwana tsiku.

Za chakudya ndiyankhe ine, bambo anganso ndi a shuga. Pemphani bajra rotla, chigumu chopyapyala cha ufa wa mchewere, ndi ndiwo zamasamba. Munene msanga kuti asathire gol, ndiye shuga wanzimbe amene amaika mu mphodza. Khichdi, mpunga wophika pamodzi ndi mphodza, ndi wofewa koma adye pang'ono. Tiyinso amabwera atathira kale shuga mukapanda kunena.

Mukatsala ndi mphamvu, m'bwalo la nyumba yachifumu lomwelo muli Maharaja Fateh Singh Museum, momwe muli zojambula za Raja Ravi Varma, katswiri wojambula wa ku India. Nyumbayo kale inali sukulu ya ana a mfumu, ndiye amayi monga mphunzitsi iwakhudza.

Zikomo kwambiri abale anga. Ndawawerengera mayi zonse, ndipo atamva za sukulu ya ana a mfumu anawomba m'manja. Tasankha Lachitatu, pagalimoto, tinyamuka m'mawa dzuwa lisanatenthe. Funso limodzi latsala: njinga ya odwala tibwereke konkuno ku Ahmedabad tinyamule, kapena amakhala nazo pakhomo la nyumba yachifumu? Achimwene a ku Vadodara, mungatifunsireko mawa?