Bafa la m'chipinda chapansi: paipi yakale siyozama mokwanira

Wamapaipi:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito yoika bafa m'chipinda chapansi pa nthaka, m'nyumba yakalekale. Eni ake akufuna chimbudzi chamadzi, shawa ndi sinki pakona yakumbuyo. Ndaboola simenti malo amodzi, pafupi ndi paipi yotsika kuchokera kuzipinda zam'mwamba. Paipi yaikulu ndi ya chitsulo cha cast iron, ya mainchi 4, ndipo kuchokera pamwamba pa simenti kukafika pansi pake, mkatimo, ndi masentimita 28. Pomwe akufuna chimbudzi ndi mamita 7 kuchokera pamenepa. Kodi madzi ayenda okha, kapena ndiwauze agule pampu? Kwina konse sindinaphwanye.

Mdala wa Sipanala:
Mwachita bwino kudikira, achimwene. Tiyeni tiwerengere limodzi. Paipi izitsika masentimita 2 pa mita iliyonse, ndiye kuti pa mamita 7 apita 14. Pachimbudzipo, pansi pa paipi yanu pakhala masentimita 14 okha kuchokera pamwamba pa simenti. Paipi ya mamilimita 110 ikatengapo masentimita 11, mwatsala ndi 3. Bendi ya chimbudzi ikhala pati? Nanga thirapu ya shawa, kapaipi kokhota kosunga madzi otchinga fungo? Pamenepo sizitheka.

Wakonkire:
Ndiwonjezere mbali yanga. Konkire wa masentimita 3 pamwamba pa PVC amang'aluka msanga, ndipo matailosi amatsatira mng'alu womwewo.

Mayi Pulambala:
Malamulo a malo ambiri amalola kuti paipi ya mainchi 4 izitsika sentimita imodzi pa mita, koma ine sindidalira zimenezo pansi pa simenti. Mchenga ukatitimira pang'ono, madzi aima, zolimba zatsalira, ndipo woitanidwa ndinu. Musathamangirenso pampu. Mwakumba kumutu kwa paipi, komwe ili pamwamba kwambiri. Paipiyo ikunka itsika polowera kunja. Pezani khoma lomwe imatulukira, mukumbe pamenepo muyezenso. Ngati mungapeze kamera, ilowetseni kaye. Cast iron yakale imadyeka kunsi komwe kumayenda madzi, pamwamba ikuoneka yabwinobwino, ndipo kunja kwa khoma nthawi zambiri imalumikizana ndi mapaipi adothi omwe mizu ya mitengo imalowa m'majointi.

Wamapaipi:
Zikomo amayi. Ndakumba pakhoma potulukira, pali masentimita 44. Kamera yaonetsa dzimbiri m'mbali koma palibe pobooka, mizu ndiye palibe. Vuto ndi lakuti eni ake akukakamira kona yakumbuyo ija, akuti kutsogoloku akufuna pochezera.

Mdala wa Sipanala:
Ajambulireni papepala aone okha. Bafa likabwera mamita 3 kuchokera pomwe mwakumba pakhoma potulukira paja, mutaya masentimita 6 okha, mutsala ndi 38, malo okwanira bendi, thirapu, mchenga ndi konkire wochindikala. Akakakamira konayo, ndiye mukumba dzenje la thanki yotsekedwa bwino, muika pampu yokweza zonyansa, paipi yotulutsira ya mainchi 2 yokhala ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, komanso venti (paipi yodutsa mpweya) ya thankiyo. Zimagwira ntchito, sindikukana. Koma magetsi akazima chimbudzi chaima, ndipo tsiku lina wina adzayenera kutsegula thankiyo. Pomwe madzi angayende okha, ine pampu sindiika.

Wamapaipi:
Avomera, madala. Atamva za kutsegula thanki sanavutenso. Tsopano polumikiza PVC ndi cast iron muja, ndidule bwanji?

Mayi Pulambala:
Pa paipi yokalamba chonchi musagwiritse ntchito chodulira cha tcheni, chimafinya ndipo chitsulo chodyeka chimatha kuphwanyika m'litali. Dulani ndi gurainda, pang'onopang'ono, mutakumba mozungulira kuti dzanja lilowe kunsi. Uzani am'mwamba asatsegule madzi tsiku limenelo. Ikanipo jointi yooneka ngati Y yoyang'ana komwe madzi akupita, osati T, ndipo mbali zonse mumange ndi zolumikizira za rabala (ma coupling) zoyenera kukwiriridwa pansi. Majointi akale omatidwa ndi mtovu musawagwedeze, mukawatekesa amayamba kudontha.

China chomwe ambiri amaphonya ndi valavu yoletsa zonyansa kubwerera. Bafa lapansi ndiye malo otsikitsitsa m'nyumba yonse, suweji ikadzaza kunja imatulukira m'shawa yanu. Valavuyo muiike panthambi yatsopano yokha. Mukaiika pa paipi yaikulu, ikadzatseka, madzi ochokera m'zimbudzi zam'mwamba asowa kolowera ndipo atulukira pansi pomwepo. Siyani kachitseko kuti munthu azitha kuifikira.

Mdala wa Sipanala:
Venti musaiwale. Popanda mpweya, chimbudzi chikagujumulidwa chimayamwa madzi a m'thirapu ya shawa, fungo la suweji n'kudzaza chipinda chomwe mazenera ake ndi aang'ono kale. Kwerani nayo, mukailumikize ku venti yakale pamwamba pa sinki kapena chimbudzi chomwe chili pamwamba kwambiri pa paipiyo, kapena itulukire padenga payokha. Shawa ipatseni paipi ya mamilimita 50. Ndipo yang'anani chimbudzi chomwe agula musanaimike paipi: ngati n'chotulutsira pansi, zambiri zimafuna mainchi 12 kuchokera pakhoma lomalizidwa kufika pakati pa bowo. Lomalizidwa, ndi pulasitala ndi matailosi omwe, osati njerwa.

Wakonkire:
Podula simentiyo thirani madzi ndipo valani masiki, fumbi lake limawononga mapapo. Ngati pansipo pali matailosi akale a vinilo, ena amakhala ndi asibesitosi, ayezedwe musanawakhudze ndi gurainda. Musandiitane kudzathira konkire musanayese mapaipi.

Wamapaipi:
Ndalumikiza dzulo, paipi yonse yagona pamchenga wotsendereza, levulo ikuonetsa masentimita 2 pa mita. Ndatseka kumapeto, ndadzaza madzi mpaka mamita 3 m'paipi yoimirira, ndipo sanatsike. Oyendera ntchito akubwera mawa kudzaona ngalande isanakwiriridwe. Akulu a konkire, ndikufunseni: pomwe padzakhale thirapu ya shawa ndisiye bokosi la matabwa lalikulu bwanji?

Wakonkire:
Masentimita 30 mbali zonse akukwanirani. Paipi ya chimbudzi muikulunge ndi katoni kuti konkire asaigwire, mudzapeze mpata wolowetsa fulanji, cholumikizira chomwe chimbudzi chimamangidwirapo pansi.