Getsi la oilo likuphethira pa Sienta injini ikatentha, kodi ndi pampu?

Wa Sienta: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Sienta ya injini ya 1NZ yomwe ndimanyamulira anthu, ndiye sabata ino getsi lofiira la oilo layamba kuphethira ndikaima pa maroboti injini itatentha, koma ndikangoponda moto limazima. M'mawa zilibwinobwino. Oilo ali pa mzere wapamwamba wa dipusitiki. Makaniko wina akuti tigule pampu ya oilo koma ine ndalama yake ndilibe, galimoto yomweyi ndi imene ikudyetsa ana kunyumba.

Sipanala 14: Achimwene imikani kaye galimotoyo chonde. Getsi limenelo silinena za kuchuluka kwa oilo, limanena za presha, ndiye dipusitiki ikhoza kudzaza koma mabeyaringi akuyenda ouma. Musanagule pampu auzeni achotse ka switch ka oilo amangepo geji yoyezera presha, injini itatentha bwino. Pa 1NZ ikamangolira osaponda presha isatsike 29 kPa. Geji ikawerenga bwino ndiye kuti ndi ka switch kafa basi, nkotchipa. Ikatsika, tsitsani sampu, beseni la pansi pa injini momwe mumakhala oilo, muone kasefa komwe pampu imakokera oilo.

Madala a Probox: Zoona zimenezo. Komanso mumasintha oilo pa makilomita angati? Yanga inapanga chimodzimodzi chifukwa ndinkangowonjezera oilo wa m'zigubu wogula m'mbali mwa msewu, fyuluta osasintha, titatsegula sampu munali chiphala chakuda ngati phula moti kasefa kaja timachita kukapala ndi waya. Pano ndimasintha pa 5000 iliyonse, fyuluta yatsopano, imalowa malita 3.7.

Sipanala 14: Ndipo wina akakuuzani kuti thirani 20W-50 getsi lizime musamvere, kumeneko nkubisa matenda, oilo wolimba amachedwa kufika pamwamba m'mawa ndipo VVT-i, ija imasintha nthawi yotsegukira mavalavu, sigwirizana naye. Pobwezera sampu silikoni azipaka pang'ono, akachulukitsa zotsala zimadukira mkati nkukatsekanso kasefa komweko.

Wa Sienta: Zikomo madala nonse. Tamanga geji lero presha inali yotsikadi, titatsitsa sampu tapeza kasefa katatsekeka theka ndi zidutswa za silikoni yofiira, nkutheka ndi ya amene anatsegulako kale ndisanaigule. Tatsuka ndi petulo, tathira 5W-30 ndi fyuluta yatsopano, ndazungulira nayo ola lathunthu getsi silinayakenso. Sindikumva kaphokoso kalikonse pansi pa injini koma mawa timanganso geji tione.