Kodi m'nyanja ya mchere mumameranso bowa?

Nachisale wa ku Ulongwe: Abale, ndithandizeni. Mwana wa achimwene amene amagwira ntchito ku Pemba, m'mphepete mwa nyanja ya mchere, wandibweretsera kanthu koyera, kozungulira, kodzaza pachikhatho. Pamwamba pake pali timizere topyapyala tochokera pakati, ndendende kunsi kwa utale umene timazula pachulu mu Disembala. Koma n'kolimba gwa, timizereto mpaka kucheka chala. Iye akungoti ndi bowa wa m'nyanja. Ndiye ndi bowa wouma kapena mwala?

Mphunzitsi wa ku Moatize: Mayi, umenewo si bowa ayi. Mwagwira chigoba cha kanyama kotchedwa korali, ka mtundu wa Fungia. Yang'anani pakati, muona kampata kotalikirapo: pamenepo m'pamene panali kukamwa. Kali moyo kamakhala ndi mnofu wofewa wokuta chigobacho, ndipo kamatulutsa timanja togwirira tizilombo ta m'madzi. Makorali ambiri amamatirirana n'kupanga matanthwe ngati a kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto, koma aka kakakula kamathothoka pamene kanamera n'kumakhala kokha pansi. Donthezanipo madzi a ndimu, patuluka tithovu, chifukwa ndi laimu. Nyumba zakale za ku Ilha de Moçambique anamangira miyala ya korali yomweyi.

Aphiri a ku Tsangano: Za m'nyanja tisiyire aphunzitsi, ine ndinena za utale. Mukamazula, kumbani bwino ndi kamtengo, muona phesi likulowa pansi ngati muzu wautali mpaka pa chisa cha chiswe. Chiswe ndicho chimalima bowa ameneyu m'kati mwa chulu, chimamudyetsa zinyalala zimene chatafuna, nachonso n'kumadya momwemo. N'chifukwa chake simudzamuona akulimidwa m'mathumba ngati bowa wa oyisitala. Achinyamata amene mukugumula zulu kuti muumbe njerwa, musadzadandaule ndiwo.

Mphunzitsi wa ku Moatize: Aphiri, mwakhudza pamene ziwirizi zimafanana zenizeni, osati timizere tija. Korali nayenso sakhala payekha. M'mnofu mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zimene zimamupangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Madzi akatentha kwambiri amazitulutsa, amayera mbee, ndipo zikapitirira amafa ndi njala. Zinachitika kwambiri mu 1998, nthawi ya El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza nyengo), m'nyanja ya Indian, kuphatikizapo kumpoto kwa dziko lathu lino la Mozambique.

Nachisale wa ku Ulongwe: Ndayesa ndimu uja, kachitadi thovu! Mwanayo ndimuuza asadzatolenso kamoyo. Aphiri, utale wayamba kale kwanuko? Kuno pamsika tikungoona ndelema.