Kudula msewu wa tala kuti paipi iwoloke: chilolezo ndiyambire kwa ndani?

Wamapaipi82

Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndine pulambala, zaka 11 ndikugwira ntchito za m'nyumba ndi m'mipanda ya anthu. Tsopano ndapeza ntchito yolumikiza suweji ya nyumba zinayi zalendi ku paipi yaikulu, koma paipiyo ili tsidya lina la msewu. Msewu wake ndi wa tala, mamita 7 m'lifupi, magalimoto amapita uku ndi uku, mabasi amadutsanso, ndipo mamita ngati 40 kuchokera pomwe ndidulepo pali kona. Ngalande ikhala yakuya pafupifupi mamita awiri.

Eni nyumba akuti, "Ingodulani Lamlungu m'mamawa, pofika madzulo mwakwirira, adziwa ndani?" Ine mtima sukundilola. Kalata ya eni paipi yondilola kulumikiza ndili nayo. Kodi imeneyi ndi yokwanira, kapena pali chilolezo chinanso? Zida zapamsewu zomwe ndili nazo ndi makoni 6 ndi tepi yofiira ndi yoyera. Anyamata ndili nawo 5.

MayiInjiniya

Bambo, kalata yomwe muli nayoyo ikukulolani kukhudza paipi, osati msewu. Msewu uli ndi mwini wake, ndipo choyamba n'kudziwa kuti ndani: khonsolo ya mzinda kapena bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu ya dziko. Ambiri amataya sabata yathunthu atasiya fomu ku ofesi yolakwika.

Ndinakhalapo pa desiki yolandira mafomu amenewa. Mayina a zikalata amasiyana dziko ndi dziko, koma zofunsidwa n'zomwezi: mapu oonetsa podula ndi kuya kwake, masiku ndi maola a ntchito, inshuwalansi yolipira munthu wodutsa akavulala, dipoziti yoti mukakwirira mosalongosoka akonzere, ndi pulani ya kayendedwe ka magalimoto. Mafomu ambiri omwe ndinkabweza ankagwa pa pulaniyi. Munthu amajambula paipi yake mwaluso, mpaka kutsetsereka kwake, koma za magalimoto n'kungolemba kuti "tidzaika zikwangwani". Zingati? Pati? Woyenda pansi adutsira kuti? Apolisi apamsewu nawonso amafuna kuiona, makamaka ngati mutseke mbali imodzi.

Musaiwale a magetsi, a madzi ndi a mafoni. Ku America anachita kukhazikitsa nambala ya 811 yoimba usanakumbe, ndipo eni zingwe amabwera kudzalemba ndi penti pansi: yofiira magetsi, yabuluu madzi akumwa, yobiriwira suweji, yachikasu gasi. Komwe kulibe dongosolo lotere, yendani nokha maofesi awo, kenako kumbani timaenje toyesera ndi fosholo. Mapu awo amanama ndi mita yathunthu nthawi zina, ndipo chingwe chimodzi cha fayiba, cha mafoni ndi intaneti, mukachidula, phindu lonse la ntchitoyi lapita.

Za Lamlunguzo, afunseni eni nyumba ngati angasaine kuti ngozi ikachitika mlandu ndi wawo. Muona akusintha nkhani.

FomaniWakale

Mayi anena zoona za mapepala. Ine ndilankhule za pamsewu penipeni, chifukwa ndathera zaka zoposa 20 ndikupsa ndi dzuwa pa tala.

Achimwene, makoni 6 ndi ochepa, koma chondiopsa ine ndi konayo. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita 14 pa sekondi imodzi. Dalaivala akatuluka pa kona n'kuona dzenje, sekondi imodzi ndi theka imatha phazi lisanafike pa buleki: mamita 21 apita. Onjezani ena ngati 14 oti matayala agwire, pa tala youma. Mamita 40 anu aja atsala angati? Nanga kutagwa mvula? Choncho chikwangwani choyamba chikhale kuseri kwa kona, dalaivala achione asanakhote, ndipo mnyamata woimitsa magalimoto akaimenso komweko.

Msewu musaudule wonse nthawi imodzi. Dulani theka, ikani paipi, kwirirani, tsindirani, tsegulani, kenako muwolokere theka linalo. Pa mamita 7, mbali yotsalayo ndi 3.5, ndipo makoni adyapo pang'ono. Buku la ku Britain la ntchito za m'misewu, lija amalitchula kuti Red Book, limati podutsa mabasi ndi malole pasachepere mamita atatu. Ndiye dothi lanu, wilibala ndi mapaipi zisadye ngakhale phazi limodzi la mbali imeneyo.

Malo antchito amagawidwa panayi, ndipo pulani yomwe Mayi akunena ndi yomweyi. Poyamba pochenjeza: zikwangwani zitatu motsatana, cha anthu akugwira ntchito, cha msewu wachepa, cha woimitsa magalimoto ali kutsogolo. Buku la ku America la zikwangwani za pamsewu, lotchedwa MUTCD, limati m'tauni momwe liwiro ndi lochepa zitalikirane mamita 30, kunja kwa tauni 150. Kenako pokhotetsa magalimoto, pomwe makoni amandandalikidwa mopingasa. Kenako malo opanda kanthu, oti wolephera kuima aimepo asanafike pa anthu. Apa m'pamene anyamata amakonda kuimikapo pikapu kapena kukhala pansi n'kumapuma, athamangitseni. Ndiyeno pokumba penipenipo, n'kumalizira ndi chikwangwani chonena kuti ntchito yathera pano.

Za makoni opingasa aja anthu amasokoneza. Ngati mukulowetsa mzere wa magalimoto mu mzere unzake wopita mbali yomweyo, pamafunika mtunda: pa liwiro la 50, mamita pafupifupi 56, pa 80, mamita 175. Koma inu mukuimitsa mbali imodzi kuti inayo idutse, ndiye makoni akhale pa mtunda waufupi, mamita 15 mpaka 30, kuti dalaivala aone kuti apa m'poima, osati pozemba.

Oimitsa magalimoto akhale awiri, wina uku wina uko, atavala majekete owala, aliyense ndi chikwangwani cha STOP ndi GO. Konayo iwalepheretsa kuonana, ndiye agulireni mawailesi olankhulirana. Ndipo ntchito yawo ndi imodzi basi. Tsiku lina tikuika kalavati, mnyamata wanga anaitanidwa kuti athandize kunyamula thumba la simenti. Anatsamiritsa chikwangwani pa diramu, mphepo n'kuchitembenuza, GO kuyang'ana magalimoto. Lole ya mchenga ndi basi zinakumana mphuno ndi mphuno pakati pa makoni, zinaima patatsala kadanga koti munthu sangadutse. Madalaivala anatsika, ndipo amene anatukwanidwa mpaka makolo ndi ine. Kuyambira pamenepo woimitsa magalimoto sagwira fosholo, ndipo ndimamusintha maola awiri aliwonse, chifukwa munthu akaima padzuwa nthawi yaitali maso amayamba kugona ali chitsegulire.

Dalaivala_Usiku

Ine si wa zomangamanga, ndimayendetsa galimoto yonyamula katundu usiku. Pempho langa ndi limodzi: mukaweruka, kayendeni pamalopo mdima utagwa, mutakwera galimoto, muone zomwe ife timaona. Tepi yanu ija usiku sioneka. Chaka chatha ndinaphulitsa tayala n'kupinda rimu pa ngalande yomwe kontrakitala wina anakwirira ndi dothi lokha, mvula n'kulititimiza. Panalibe nyale, panalibe chikwangwani cha dzina la kampani, moti wokamudandaulira sindinamupeze. Chinanso, ntchito ikatha chotsani zikwangwani. Zikakhala miyezi itatu popanda wogwira ntchito, timazolowera kuzinyoza, ndipo tsiku lomwe kuli anthu enieni sitichepetsa liwiro.

Wamapaipi82

Zikomo nonse. Ndinapita ku khonsolo, msewu ndi wawodi. Andipatsa fomu ndipo andiuza kuti ntchito iziyamba magalimoto a m'mawa akachepa, n'kutsegula msewu anthu asanaweruke. Eni nyumba anyinyirika ndi dipoziti koma avomera. Chomwe chandizunguza mutu: maola amenewo sindingamalize theka limodzi tsiku lomwelo. Ndisiye dzenje usiku?

MayiInjiniya

Musanadule, funsani mtengo wa oboola pansi pa msewu ndi makina. Tala siikhudzidwa, magalimoto saima, ndipo eni misewu ambiri amakonda zimenezo. Vuto ndi loti suweji imayenda ndi kutsetsereka, ndiye woboolayo akhale wodziwa kusunga levulo. Mukadula ndithu, dziwani kuti udindo sutha tsiku lotsegula msewu. Ku England, pansi pa lamulo la 1991 la ntchito za m'misewu, wokumba amayankha za chigamba chake zaka ziwiri, zitatu ngati anakumba mozama. Werengani chilolezo chanu, muona nthawi yanu yalembedwa penapake, ndipo dipoziti imadikira imeneyo.

FomaniWakale

Dzenje lapululu usiku ayi. Bwerekani chitsulo chochindikala chovundikira ngalande, chopirira lole, chikhazikike bwino mbali zonse, muchikhome kuti chisasunthe, m'mphepete muthire tala yozizira kuti tayala likwere bwino. Lembani zimenezi mu pulani, pamodzi ndi nyale zothwanima ndi nambala ya foni ya munthu woti adzuke chikasuntha.

Komanso mamita awiri si masewera, achimwene. Dothi lodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse limatha kulemera kuposa tani imodzi ndi theka, ndipo lole iliyonse yodutsa pambali ikugwedeza khoma la ngalandeyo. Tchingani makoma ndi matabwa kapena zitsulo musanalowetse munthu, dothi lofukula likhale patali ndi m'mphepete kuposa theka la mita, makwerero akhale m'dzenjemo. Pokwirira, thirani masentimita 15, tsindirani ndi makina otsindira dothi aja a kompakita, thiraninso 15. Tala muidule ndi makina ocheka, osati piki, kuti chigamba chidzagwirane ndi yakale. Jambulani pulani yanuyo papepala, muike mitunda yonse ndi pomwe pali kona, muitumize pano ndiione musanakapereke.